Mphete ya Chinkhwe cha Kumanda

Amene akufuna kunditsutsa akafunse a Nedson, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi wina kufupi ndi Kasakula, kapena mayi Tabita amene ndinkachita lendi kunyumba kwawo. Onsewa ali moyo, ndipo mowa salawa. Ine ndine Talandira, dokotala wa zinyama. Za mizimu sindinkazilabadira, ndipo mpaka lero sindinazigwadire.

Mu Juni chaka chatha ndinali pa kafukufuku wa zinkhwe, mbalame zobiriwira zaphokoso zija zimene zikutha m'mapiri a Ntchisi. Chinkhwe sichimanga chisa, chimaswera m'mphako ya mtengo wakale. Nanga mitengo yakaleyo ili kuti? Inathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala. Yotsala ndi ya kumanda basi, kumene nkhwangwa imaopa. Tsono ntchito yanga inali kumanda komweko: kuwerenga mphako, kupima ana a mbalamezo, ndi kuwaveka timphete tachitsulo ta manambala kumwendo kuti tiziwazindikira akakula.

Eni mudzi anandilola, koma anandipatsa lamulo limodzi, ndipo a Nedson ankalibwereza tsiku lililonse tikamalowa.

"Adokotala, kuno kuli eni ake. Onani, lembani, koma osatulutsa kanthu. Ngakhale nthenga."

Lolemba lina tinapeza kamwana ka chinkhwe katagwa pansi pa mtengo wa muwanga, phiko lili ndi bala, linthumbu litakazinga. Chaka chimenecho m'manda monsemo munali ana atatu okha. Kanafunika malo ofunda ndi jakisoni wa masiku asanu, apo ayi sikakanafika mawa.

"Kasiyeni," anatero a Nedson. "Kagwera kwawo."

"Inu ntchito yanu ndi kukwirira, bambo. Yanga ndi kuchiza."

Ndinakakulunga m'chitenje n'kutuluka nako. Nditacheuka ndinawaona atanjuta, akuomba m'manja chapansipansi, kupepesa mitumbira. Zinandikwiyitsa. Kupepesa chifukwa ndapulumutsa moyo?

Ndinakaika m'katoni m'chipinda changa, pambali pa botolo la madzi otentha, ndipo ndinkakamwetsa phala ndi sirinji. Lachiwiri kanayamba kudzutsa mutu. Tsiku lomwelo mayi Tabita analowa ndi tsache, anaima pakhomo n'kukwinya mphuno.

"Mwana wanga, mukulima m'nyumba?"

Nanenso ndinalimva. Fungo la dothi lonyowa, longofukulidwa kumene. Mvula inali italeka mu Epulo. Pansi panali pa simenti.

Lachitatu zinkhwe zinabwera. Zinatera mumtengo wa mango kuseri kwa zenera langa, khumi ndi zinayi. Ndinaziwerenga, paja ndiyo ntchito yanga. Amene amazidziwa zinkhwe akudziwa kuti sizitseka pakamwa, zimalongolola ngati anthu a pachigayo. Izi zinangoti zii, tsiku lonse, zitayang'ana zenera.

A Nedson anafika madzulo, koma anakana kuponda pakhonde.

"Bwezani, adokotala. Atuma mbalame kaye. Akabwera okha mudzatani?"

"Ndidzawalandira. Kwatsala majakisoni awiri."

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma mkwiyo unali wochuluka.

Anthu amati zoterezi zimachitika usiku. Zanga zinachitika Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo. Mayi Tabita anali nane m'chipinda, atandigwirira kambalameko kuti ndikabaye. Kunja nkhuku zinaleka kulira. Wailesi ya oyandikana nawo inazima. Kenako tinamva makasu kuseri kwa khoma, m'munsi mwa zenera. Phu. Phu. Osati kulima. Kukumba.

Ndinasuzumira. Panalibe munthu.

Makasu analeka.

"Odi."

Mawu apansi, a anthu ambiri, olankhula pamodzi. Pachitseko pomwepo.

"Musayankhe," ananong'ona mayi Tabita.

Kachinkhwe kanatembenukira kuchitseko. Kanayasamula kukamwa, kakugwedeza timapiko, monga kankachitira kakaona wokadyetsa.

"Odi."

Fungo lija linadzaza chipinda. Ndinamva kuzizira m'mapazi, ngati ndaponda m'dzenje. Sirinji ili m'manja, ndinayankha.

"Ndakumvani. Koma munali kuti pamene linthumbu linkakadya? Mitengo mwasunga, zikomo, palibe wina wakwanitsa. Koma bala simungalichize. Lero ndibaya, mawa ndibayanso. Ndikatha ndidzabwera nako ndekha. Lero simukatenga."



Ndinabaya. Dzanja silinaphonye.

Patapita kanthawi tambala analira, wailesi inayambanso yokha. Mayi Tabita anakhala pansi n'kuyamba kuimba nyimbo ya kumpingo. Pakhonde tinapezapo dothi lofiira, lonyowa, lopanda phazi la munthu.

Lachisanu ndinamaliza mankhwala. Ndinakaveka mphete nambala 0417 kumwendo wakumanja, n'kuifinya ndi pulayala mpaka inatsekeka. Mphete zotere zikatsekwa sizivuka, pokhapokha utazikanula ndi chitsulo kapena utadula mwendo. A Nedson anagwira makwerero, ine ndinakwera muwanga uja n'kukabwezera m'mphako. Potsika sindinaombe m'manja.

Nditafika kunyumba ndinatsegula loko wanga ndekha. Fungo linali litatha. Patebulo, pamwamba pa buku langa la kafukufuku, panali kamulu ka dothi lofiira. Pakati pake panali mphete. Nambala 0417. Yotsekabe, yopanda chokanda.

Ndinathamangira kumanda ndikuganiza kuti akadula mwendo. Ndinakwera, ndinapisa dzanja m'mphako. Kanandijompha chala, kamoyo, kokhuta. Miyendo yonse iwiri inalipo, yosalala, yopanda kanthu.

A Nedson anayang'ana mphete ija m'dzanja langa nthawi yaitali.

"Mwana wawo alandira," anatero. "Chanu akubwezerani."

M'lipoti langa ndinalemba kuti ana atatu onse anauluka. Awiri ali ndi manambala. Wachitatu ndinayesanso kumuveka kawiri asanauluke, ndipo mphete zonse zitatu zili m'kabotolo patebulo langa, zotseka.