Fetereza M'magazi a Moven

Pakhomo pa a Isaiah Mwanza ku komboni ya Kalingalinga panali paulemu. Bambowo anali kalipentala, akazi awo a Philomena ankagulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta, ndipo Lamulungu lililonse ankatsogozana kupita kutchalitchi. Onse awiri anakulira m'munda ku Chadiza ndipo sukulu sanapite nayo patali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Moven, ndiye anamaliza giredi 12. Kalata iliyonse ya Chingerezi ikafika pakhomopo ankawerenga ndi iye, makolo n'kumangogwedeza mutu mokhutira.

Kuseri kwa shedi a Mwanza anasungako matabwa asanu ndi limodzi a mtengo wa mukwa. Makasitomala ankawasirira, koma iwo ankakana. "Awa ndi a bedi la Moven akadzakwatira," ankatero.

Mu 1992 fakitale ya misomali imene Moven ankagwirako ntchito ku Heavy Industrial Area inatsekedwa. Mtengo wa ufa unkakwera ngati ukuthawa munthu. Bambo ake anamuitanira kushedi kuti aphunzire ntchito ya manja, koma mnzake Lemmy, amene anachotsedwa naye limodzi, anali ndi nzeru zina. Lemmy anali wa pakamwa potsekemera, ulesi wake wosayamba dzulo.

"Iwe Moven, na satifiketi yako uzayamba kupala mapulanga monga mudala wako?" anatero Lemmy. "Tiye kwa ba Maggie tikaiwaleko mavuto."

Kwa ba Maggie kunali kachasu wotentha pakhosi. Mwezi woyamba Moven ankamwa Loweruka lokha. Pofika mwezi wachitatu ankayamba m'mawa, m'mimba mulibe kanthu. Kenako sowo ya bambo ake inasowa, hamala n'kutsatira.

"Wakuba iwe!" anakalipa a Mwanza. "Ndinakuphunzitsa kuti uzindibera? Mowa umenewu udzakuwotcha m'kati, ndipo usadzandiitane."

"Ba Tate, musanichititse manyazi. Sindine mwana," anayankha Moven, n'kumenyetsa chitseko.

Lachiwiri lina masana anagwa pabwalo la ba Maggie atagwira pamimba. Ululu unkachokera pansi pa chifuwa n'kuboola mpaka kumsana. Anasanza mpaka kutha mphamvu. Makolo ake anamutengera kuchipatala chachikulu, kumene anamutenga magazi, kumuika dripu ndi kumuletsa kudya kapena kumwa chilichonse.

Dokotala Nkole anali mayi wamfupi wosadziwa kunyengerera. Anauza banjalo kuti kapamba wa Moven, chiwalo chimene chimatulutsa madzi ogaya chakudya, watupa ndi mowa ndipo wayamba kudzigaya yekha. Anati magazi a tsiku limenelo angotchula dzina la matenda. Akatenganso ena pakapita masiku awiri, m'pamene adzadziwe ngati mnyamatayo akulowera kumoyo kapena kumanda.

Lachinayi m'mawa dokotala anabwera ndi pepala la zotsatira, makolo asanafike. Moven analiyang'ana n'kumwetulira.

"Ba dokota, iyi nambala ikulu yatsika. Napola ka?"

"Iyo ni amilezi," anatero dokotala. "Inatiuza chabe kuti ni kapamba. Imatsika yeka, olo munthu ali pafupi kufa. Ine niyangana izi ziwiri. Yuriya ni dothi yamene impso zifunika kutaya mu mikodzo. Yako yakwera, ndiye kuti impso zayamba kulema. Kashiamu nayo yatsika, ndiye kuti kapamba waonongeka maningi. Wamvera? Ukachoka pa dripu iyi sinizakuona futi uli moyo."

Moven anamva zonse, pakuti sanali wogontha kapena wopusa. Koma jekeseni inali itagonetsa ululu, ndipo pakhosi pankafuna chinthu chimodzi chokha.

Dokotala atangotuluka, Lemmy analowa akununkha za dzulo. Anatenga pepalalo n'kuliwerenga ngati katswiri.

"Mu Zambia muno vonse vikwera, manje iwe nambala yako yatsika, ulira chani?" anatero. "Na iyi yuriya, si fetereza iyi? Ija yamene bafaka ku milisi mu munda? Boi, uli na fetereza mu magazi! Ndiye mphamvu iyo. Aba bafuna chabe kukupha na njala."

Anaseka onse awiri. Moven ankadziwa kuti ndi bodza, koma linali bodza lokoma. Anazula dripu, nasaina pepala lotuluka mwa kufuna kwake. Sisitala Mwaba, namwino amene ankasamala wodi yonse yekha, anamutsatira mpaka pakhomo akumuchonderera. Moven sanacheuke n'komwe.

Pageti anakumana ndi makolo ake akubwera kudzamuona.

"Ukupita kuti? Bwerera!" anatero a Mwanza, atamugwira kale pamkono.

"Banitulutsa, ba Tate. Onani." Moven anatambasula pepala lija n'kuloza ndi chala. "Iyi ya matenda yatsika. Iyi yakwera ni yuriya."

"Yuriya? Wa chimanga uja?"

"Wamene uyo. Thupi yayamba kupanga mphamvu."

A Mwanza anayang'anitsitsa pepalalo. Mawu onse a papepalapo anali achilendo kwa iwo, kupatula limodzi limeneli. Ku Chadiza anaonapo ndi maso awo chimanga chachikasu, chofooka, chikubiriwira patangopita sabata chithiridwe yuriya. Dzanja lawo linayamba kumasuka.

"Tiyeni tikafunse kaye anesi," anatero a Philomena, akuyang'ana milomo youma ya mwana wawo.

"Amai, munanipeleka ku sukulu kuti chani?" anakalipa Moven. "Muziwa kuwerenga imwe?"

Mayiwo anagwetsa nkhope ndi manyazi. Bambo anamusiya mkono, ndipo onse anakakwera minibasi.

Kunyumba Moven sanakhaleko ngakhale ola limodzi. Ananena kuti akukawongola miyendo, ulendo wa kwa ba Maggie. Kapu yoyamba inalowa, yachiwiri inabwerera pomwepo, ndipo ululu unadzuka ndi ukali woposa poyamba. Poopa bambo ake, anakabisala m'kachipinda ka Lemmy ku Mtendere. Makolo anamufunafuna m'mashabini onse a Kalingalinga osamupeza. Masiku awiri sanakodze ngakhale dontho. Mimba inatupa, m'nthiti munada ngati wamenyedwa, mpweya unkavuta.

Lamulungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi, Lemmy anamukweza pawilibala, kumutula pakhomo pa a Mwanza, n'kuliyatsa liwiro. Ubwenzi wa kumowa unathera pamenepo.

Kuchipatala Dokotala Nkole anawayang'ana a Mwanza ndi maso oyaka.

"Imwe batate bake, munamuleka bwanji kuchoka?"

"Anati yuriya wakwera, adokotala. Ife yuriya timadziwa kuti ndi mphamvu."

Dokotala anawafotokozera pang'onopang'ono. Anati m'munda yuriya ndi chakudya, koma m'magazi ndi zinyalala zimene zikusonyeza kuti impso zikulephera. Anati Lachinayi lija mwayi unalipo, ngakhale unali wochepa, ndipo iye anamuuza Moven zonsezi m'maso muli gwa. Magazi atsopano anasonyeza yuriya atakwera kuwirikiza katatu. Impso zinali zitaima.

A Mwanza anapita pabedi. Moven anatsegula maso movutikira.

"Ba Tate, ninanama. Ba dokota bananiuza vonse."

"Ndamva," anatero bambowo mokwiya. "Zida zanga unaba, ndinapirira. Koma unatenga sukulu imene ndinakulipirira ndi matuza a m'manja mwangamu, n'kundipusitsa nayo pageti. Ndinali nditakugwira, Moven. Ndinali nditakugwira pamkono!"

"Nikhululukileni."

A Mwanza anayang'ana mwana wawoyo. Mtima unkawawa, ndipo mkwiyo ndi chisoni zinkalimbana. Pomaliza anagwiranso mkono womwe uja. A Philomena anayamba kupemphera, ndipo Moven ankatsatira ndi milomo yokha. Anamwalira dzuwa lili paliwombo.

M'mawa mwake anthu a m'komboni anamva kulira kwa sowo yobwereka kuseri kwa shedi. Akalipentala anzawo anabwera kuti awalandire ntchitoyo, poti si bwino bambo kukhoma bokosi la mwana wake, koma a Mwanza anawabweza. Anadula okha matabwa asanu ndi limodzi a mukwa aja, muyeso wake womwe uja wa bedi, kungochepetsa m'lifupi. Lemmy sanaoneke pamaliro. Anali kwa ba Maggie, akuuza anthu kuti achipatala ndiwo anapha mnzake.

Wachinyamata iwe, mowa umawotcha m'kati mwakachetechete, ndipo mnzako wa kumowa sadzakufera. Adokotala akakuuza zimene magazi ako akunena, usasankhepo nambala yokukomera. Ndipo usadzagwiritse ntchito maphunziro ako kunamiza makolo amene anakuphunzitsa. Moven anapambana mkangano wa pageti paja, koma mphoto yake inali kugona m'matabwa a ukwati wake ali yekha.