Nyimbo ya Chigafa

Elube adaimva nyimboyo koyamba Lachitatu masana, akuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba. Bambo ake, a Levison Chimwala, adali pansi pa mtengo wa mango ndi gitala, kukonzekera za Loweruka. Tsikulo ankakakhazikitsa chimbale chawo pabwalo la msika wa Santhe, chimbale cha nyimbo zisanu ndi zitatu zonena za momwe adasiyira mowa.

Nyimbo zisanu ndi ziwiri Elube ankazidziwa pamtima. Iyi yokha adali asanaimvepo.

"Ndidagona m'chigafa cha eni, ndudu ili kukamwa," adaimba bambowo motsitsa mawu. "Moto udadya fodya, mlandu udadya wina."

Sopo adapulumuka m'manja mwa Elube. Mtsikanayo adaima chilili.

Zaka zitatu m'mbuyomo, iye ali Sitandade 8, amayi ake adali atabwerera kwawo ku Mwase atatopa ndi kachasu wa amuna awo. Ntchito yofunafuna bambo akaledzera idatsalira Elube. Tsiku lina adawapeza atagona m'chigafa cha mayi Angelina, mayi wamasiye woyandikana nawo munda, pansi pa fodya wouma wolendewera mpaka kudenga. Adawadzutsa nkuwakoka dzanja. Atangodutsa mizere ingapo ya chimanga adacheuka naona utsi. Chigafa chonse chidapsa, ndi fodya wa chaka chonse.

Anthu adagwira Fumbani, tenanti wa mayi Angelina wochokera ku Mzimba, chifukwa naye ankasuta. Adamukokera kumsika, kumumenya, nkumupirikitsa m'deralo. Elube adangokhala chete. Ngakhale ndi bambo ake omwe sadakambepo za tsikulo, moti ankaganiza kuti mowa udawaiwalitsa.

Adapukuta manja pachitenje napita pamangopo.

"Bambo, nyimbo imeneyi musakaimbe."

A Levison adagwira nsambo za gitala kuti zisiye kulira. "Wamva?"

"Ndamva. Anthu aja adatsala pang'ono kupha munthu. Inuyo akakusiyani? Ana a mayi Angelina adzakhala pomwepo. Kusukulu azikanditchula chiyani ine?"

"Mwana wanga, patha zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndisanalaweko dontho," adatero bambowo. "Koma tsiku lililonse ndikadutsa pamunda paja, kukhosi kumauma. Anzanga a gulu losiya mowa kutchalitchi kuja amati chomwe wabisa ndicho chimakubwezera kubotolo. Ndikapanda kuchilavula, ndidzamwanso. Ndikudzidziwa."

Mawu akuti "ndidzamwanso" adamuopsa Elube kuposa ana a mayi Angelina. Adakumbuka masanzi pakhonde, mbale zosweka, ndi manyazi okoka munthu wamkulu pamsewu anzake akuona. Adakhala pamuzu wa mango.

"Ndiye mukufuna mayi aja akamvere pachinkuzamawu, pakati pa anthu ogula tomato?" adafunsa. "Inu muli pamwamba, gitala m'manja, ena akuvina?"

Bambowo adayang'ana pansi.

"Ngati mukunenadi, pitani kunyumba kwawo. Mukanene ndi pakamwa, popanda gitala."

A Levison adapukuta thukuta pamphumi. Elube adazindikira kuti bambo ake ankaopa khomo la mayi mmodziyo kuposa msika wodzaza anthu.

"Undiperekeza?" adafunsa bambowo.

Mawa lake Elube sadapite kusukulu. Adawapeza mayi Angelina m'chigafa chatsopano, akusankha fodya pamodzi ndi mwana wawo wamkulu, Sankhani, mwamuna wamapewa otambalala amene ankanyamula belo la fodya yekha. Pambali pake padali chikwanje. Maso a Elube adakana kuchoka pachikwanjepo.

"Odi kuno," adatero a Levison.

"Lowani, bambo a Elube. Mwabwera kudzatiitanira ku zoimba zanu?" adaseka mayiwo akuwasunthira mpando.

A Levison sadakhale pampando. Adagwada padothi, pakati pa zinyenyeswa za fodya.

"Mayi, chigafa chanu chija sadatenthe ndi Fumbani. Ndidatentha ndine. Ndidaledzera, ndidagonamo ndi ndudu yoyaka."

Tsamba lomwe mayi Angelina adagwira lidatsalira m'mwamba. Sankhani adaimirira pang'onopang'ono.

"Mukuti chiyani, akulu?"

"Nzoona," adatero Elube. "Ine ndi amene ndidawadzutsa. Ndidaona utsi tikuchoka. Sindidanene."

Sankhani adasendera kufupi mpaka mthunzi wake udaphimba bambo wogwadayo. Elube adagwira kolala ya malaya a bambo ake ngati kuti akadatha kuwakoka nkuthawa nawo.

"Sankhani, khala pansi," adatero mayi Angelina.

"Amayi, chaka chija tidagona ndi njala chifukwa cha munthu uyu."

"Ndati khala pansi. Manja akowo adalakwa kale kamodzi."

Sankhani adaima kaye, kenako adabwerera nakhala pabelo, nkhope atakwirira m'manja. Apo mpamene Elube adakumbukira kuti patsiku lija, amene adatsogolera anthu kukokera Fumbani kumsika adali Sankhani yemweyo.

Mayi Angelina adayika tsamba lija pamulu wake mosamala. "Fodya adameranso, bambo a Elube. Chigafa tidamanga china. Ine lero sindinena kuti ndakhululuka, chifukwa mtima wanga ukadali kuwira. Koma wolakwiridwa kwenikweni sali pano. Ndimamva kuti akukonza njinga ku Njombwa. Pitani kumeneko."

Elube ndi bambo ake adakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi. Njira yonse minda ya fodya idali mapesi okhaokha, masamba atathyoledwa kale.

Fumbani adamupeza pansi pa mthethe, akumata chubu cha njinga. Adali atawonda kuposa momwe Elube ankamukumbukira. Atawazindikira adaimirira msanga nayang'ana kumbuyo kwawo, ngati kuti kukubwera anthu ena.

"Tabwera awiri okha," adatero Elube.

A Levison adagwadanso nanena zonse, kuyambira kachasu mpaka utsi. Fumbani adangowayang'ana milomo. Atatha, iye adatembenuza mutu nkuwalozetsa khutu lakumanja.

"Bwerezani mbali ino, adada. Lakumanzereli lidafa tsiku lomwe lija."

Elube adalephera kudzigwira. Misozi idangoyamba kutsika yokha. Bambo ake adabwereza mawu onse, liwu ndi liwu, ndipo kachiwirika kadali kowawa kuposa koyamba.

Fumbani adakhala pansi natola chubu chake. Adachiviika m'beseni la madzi, kuyang'ana potuluka thovu.

"Ine ndidakuonani mukutuluka m'chigafamo, inu ndi mwanayu," adatero. "Ndidanena pamsika paja. Palibe adamva. Tenanti akamayankhula amakhala ngati mphepo."

"Ndichite chiyani?" adafunsa a Levison.

"Ana anga kusukulu amatchedwa ana a wotentha fodya. Mbiri idatitsatira mpaka kuno. Mukuti muli ndi nyimbo? Nyimbo anthu amavina nkuiwala. Mukaime pomwe adandimenyera paja, mukatchule dzina langa lonse, Fumbani Mkandawire, musanakhudze gitala. Zikatero mudzaimbe zanuzo."

Loweruka msika udadzaza. Pabwalo padaimikidwa lole yopanda mbali kuti ikhale nsanja, ndipo anyamata okopera nyimbo m'mafoni adali atayala kale matebulo awo. Elube adaima pafupi ndi tayala la lole. Adawerenga njira zothawira: kuseri kwa chigayo, kapena pakati pa ogulitsa kaunjika.

Bambo ake adakwera, nagoneka gitala pansi.

"Ndisanaimbe, ndili ndi mawu," adatero pachinkuzamawu. "Zaka zitatu zapitazo, pabwalo lino, mudamenya munthu wosalakwa. Dzina lake ndi Fumbani Mkandawire. Chigafa cha mayi Angelina ndidatentha ndine, Levison Chimwala, nditaledzera. Ndidamva akumenyedwa, ndipo ndidapita kukagula botolo lina."

Phokoso la msika lidazilala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kenako kung'ung'udza kudayamba. Wina adatukwana. Chitsononkho cha chimanga chidauluka nkuwamenya pachifuwa, chachiwiri chidagunda gitala. Gulu la amuna lidayamba kukankhana kulowera kulole.

Pamenepo Sankhani adatulukira pakati pa anthu. Sadakwere pansanja. Adangoima patsogolo pa lole, kuyang'anana ndi gululo, manja atapinda pachifuwa. Amuna aja adaima. Ambiri mwa iwo adaliponso tsiku lija, ndipo mmodzimmodzi adayamba kuyang'ana kumbali.

A Levison adatola gitala naimba nyimbo zonse zisanu ndi zitatu. Anthu pafupifupi theka adachoka nyimbo yoyamba isanathe. Palibe adavina. Otsalawo adamvetsera ali chiimire, ndipo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi ogulitsa nzimbe, Elube adaona Fumbani ali ndi ana ake awiri, atawagwira manja, mutu atapendeketsa.

Pobwerera kunyumba dzuwa lidali likadali pamwamba. Palibe adawaperekeza. Mayi wina amene ankawapatsa moni masiku onse adatembenukira kumbali atawaona. Elube adanyamula gitala.

Njira yawo inkadutsa pakhomo pa bala ina yakumapeto kwa msika. Chitseko chidali chotsekula, fungo la mowa likufika mpaka pamsewu. Munthu wina m'katimo adawaitana a Levison ndi dzina, atakweza botolo m'mwamba.

Bambowo adachepetsa liwiro. Elube adamva kupuma kwawo kukusintha.

"Elube," adatero chapansipansi, "tayenda mbali ino."

Elube adasinthira gitala kuphewa lina nalowa pakati pa bambo ake ndi chitsekocho. Adawagwira dzanja, ndipo adayenda choncho mpaka nyimbo za m'balamo zidasiya kumveka.