Dzina la pa Kapepala ka m'Botolo

Linali tsiku lachitatu Dokotala Lughano ali chigwadire pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya makolo a Sumaiya, akupeta zinyalala pa thireyi yoyera. Thalauza lawo linali litafiira m'mawondo. Sumaiya anaima pambali atawagwirira mabotolo, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mayiwo sapeza kanthu pamenepo ngakhale apete mpaka chaka chamawa.

Nkhaniyi inayamba miyezi iwiri m'mbuyomo. Dokotala Lughano, mayi wa ku yunivesite wofufuza tizilombo ta m'nthaka, anafika pasukulu ya sekondale ya Sumaiya kufupi ndi nyanja ya Chia n'kugawira ana a kalabu ya sayansi timabotolo ta sipiriti. Ankafuna tizilombo tochepa kuposa njere ya chitowe, ta miyendo isanu ndi umodzi, topanda mapiko. Tili ndi mchira wopindikira kunsi kwa mimba, ndipo tikadzidzimuka mchirawo umafwamphuka ngati msampha wa mbewa, kachilomboko n'kulumpha. Ana anangotipatsa dzina loti kadumpha. Lamulo la a Dokotala linali limodzi basi: kapepala ka dzina, malo ndi tsiku kalembedwe ndi pensulo, kenako kaikidwe m'botolo momwemo.

Ester, mnzake wa Sumaiya wa pamtima kuyambira sitandade wani, anali mtsikana wakhama koma makutu ake ankamva theka la nkhani. Analemba kapepala kake ndi bolopeni. Tsiku lopereka mabotolo kunagwa maliro a azakhali ake ku Dwangwa, choncho anapatsira Sumaiya botolo lake. Pofika kusukulu, sipiriti anali atasungunula inki yonse, kapepalako kangotsala kabuluu.

Botolo la Sumaiya munali nyerere zinayi zimene anatola mwaulesi pakhonde. La Ester munali timadontho tofiirira tooneka kuti n'tenitenidi. Sumaiya anatenga pensulo kuti amulembere mnzakeyo kapepala katsopano. Cholinga chinali chimenecho, ndipo mpaka lero amalumbira kuti chinali chimenecho. Koma dzanja linalemba dzina lake iye mwini, pa malo n'kulemba kuti pansi pa mango kwawo. Nyerere zija anakazikhuthulira kuseri kwa kalasi.

Tsopano a Dokotala anabweranso Lolemba ndi nkhani yaikulu. Pa asembule anauza sukulu yonse kuti kadumpha wa m'botolo la Sumaiya anamuyang'ana pa maikulosikopu, anawerenga maso ake ndi ubweya wa pamsana, anayeza mchira, ndipo sanafanane ndi aliyense wolembedwa m'mabuku. Ankaoneka kuti ndi mtundu watsopano. Anati akatsimikiza adzautcha dzina la mwini wake woupeza, ndipo analilemba pa bolodi: sumaiyae. Amene anaomba m'manja kwambiri anali Ester, mpaka analulutira ngati pa ukwati. Sumaiya anamwetulira mano onse pamtunda, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Vuto linali lakuti mwa tizilombo titatu ta m'botolomo, tiwiri tinathyoka panjira. Kamodzi kokha sikanali kokwanira kufotokozera mtundu wonse. Pankafunika tambiri tathunthu, tatimuna ndi tatikazi, kuchokera pamalo pomwe paja. A Dokotala anali ndi masiku anayi okha, chifukwa Lachisanu m'mawa galimoto yawo inkabwerera.

Lolembalo Sumaiya anadziuza kuti mwina pansi pa mango tiliponso. Lachiwiri anadziuza kuti aulula mawa. Lachitatu bambo ake, amene amasoka maukonde, anasiya ntchito n'kuyamba kuitana aliyense wodutsa kuti adzaone mtengo umene watchukitsa mwana wawo. Chakudya chinasiya kumukomera Sumaiya, ndipo Ester akamuseka pomutcha "Mayi Kadumpha" iye ankangoyang'ana kumbali. Ankadziona ngati wakuba amene mwini katundu akumuthandiza kusenza mtolo.

Lachinayi masana a Dokotala anakhala pa muzu wa mango uja n'kuvula magalasi. Ankaoneka otopa kwambiri. Anati dothi la pamenepo ndi louma, lamchenga, ndipo tizilombo ta mtundu umenewu sitikhala pouma. Ananena motsitsa mawu kuti mwina analakwitsa ndi iwowo, mwina anasokoneza mabotolo ku labu, ndipo anapepesa Sumaiya chifukwa chomupatsa chiyembekezo pamaso pa sukulu yonse.

Kupepesa kumeneko ndi kumene kunamuthyola. Akanamukalipira bwenzi atalimba mtima.

"Madamu, simunasokoneze ndinu," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Botolo lija si langa. Ndi la Ester. Ine ndinangolembapo dzina langa."

A Dokotala anamuyang'ana. Sanakweze mawu. Anangofunsa ngati akudziwa kumene Ester anatola tizilomboto, ndipo Sumaiya anati sadziwa, sanafunsepo, chifukwa ankaopa kuti kufunsako kumuulula. A Dokotala anavalanso magalasi aja n'kunyamula thireyi.

Kwa a Ester kunali kutsidya kwa msewu, chakumunsi kufupi ndi minda ya mpunga. Anampeza akuyanika chinangwa pa thandala. Sumaiya anafotokoza yekha zonse ataweramitsa mutu, osasiya ngakhale za nyerere zija. Ester anamvetsera chinangwa chili m'manja. Kenako anatsogolera a Dokotala kuseri kwa bafa kumene amayi ake amaviika chinangwa cha nsima ya kondowole m'migolo. Anati pamenepo panali mulu wa makoko a chinangwa wa zaka zambiri, wonyowa nthawi zonse ndi madzi a m'migolomo, ndipo ukautembenuza tizilomboto tinkalumpha ngati mafuta a m'chiwaya.

Muluwo panalibe. Panali phulusa lakuda, ndipo linali lisanazizire bwino pakati. Amayi ake a Ester anafotokoza kuti dzulo lake, Lachitatu, anaona njoka ikulowa m'mulumo, choncho anaumwaza, anaunjikapo mapesi n'kuyatsa moto. Anadabwa kuti mlendo wophunzira chotere akudandaula za zinyalala.

A Dokotala anagwadabe n'kupeta dothi la m'mbali mwa phulusalo mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Anapeza kamodzi kokha, kakang'ono kosakhwima, kosathandiza pofotokoza mtundu. Anati adzayesa kubweranso mvula ikadzagwa, ngati yunivesite idzawalola, koma sanalonjeze. Analemba kapepala katsopano ndi pensulo yawo, anafunsa Ester kalembedwe ka dzina lake, n'kupita kukakonzekera ulendo wa mawa lake.

Atsikana awiri aja anatsala pafupi ndi migolo, fungo la chinangwa chowawasa lili ponseponse. Sumaiya ankawerenga masiku mumtima mwake: Lolemba mulu unalipo, Lachiwiri unalipo. Anayesa kupepesa koma mawu ankatuluka oduladula. Ankafuna kuti Ester amutukwane, kapena amumenye kumene, kuti mtima upepukeko.

Ester anapukuta manja pa chitenje chake.

"Kodi kapepala kanga kaja sunathe kuwerengako ngakhale pang'ono?"

Sumaiya anapukusa mutu. Anati inki yonse inali itasungunuka.

"Ndinalembapo maina awiri," anatero Ester. "Ndinadziwa kuti iwe watola nyerere zokhazokha, ndiye ndinati tipereke limodzi. Lako ndi limene ndinayamba nalo."

Anabwerera ku thandala kuja n'kupitiriza kuyanika chinangwa. Sumaiya anaima pa phulusa paja, ndipo Ester sanamuitane kuti adzamuthandize.