Khutu Lobisika M'foni ya Atate

Pakhomo pa a Josiah Zulu ku Nsefu panali paulemu. Iwo anali mkulu wa masikauti olondera nyama m'malire a paki, ndipo akazi awo, a Magdalene, ankatsogolera kwaya. Mwana wawo Delia atamaliza giredi twelofu anapeza ntchito pakashopu kotchajira mafoni ndi sola pamsika.

Anthu ankamukhulupirira chifukwa cha dzina la atate ake. Posiya foni ankamuuzanso nambala yotsegulira, kuti awaikiremo nyimbo za kutchalitchi. Tsiku lina Delia anatsegula uthenga umodzi m'foni ya mwini wake. Mawa lake anawerenga khumi. Posakhalitsa ankadziwa amene ali ndi pakati, amene akumwa mankhwala mobisa ndi amene banja lake likugwedezeka.

"Za matenda a a Gladys, anzanga a mukwaya aja, wazidziwa bwanji, pamene iwo sanauze munthu?" amayi ake anamufunsa.

"Ndimangoona, Amayi. Sindiba kanthu."

"Ukuba. Chimene mwini wake sanakupatse, ngakhale uchitenge ndi maso, waba. Leka."

Sanaleke.

Masana ena a Sydney, bambo wovala bwino amene ankabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Jumbe, anamupezerera akuwerenga foni ya mphunzitsi.

"Mwaswera bwanji, apolisi athu achinsinsi?" anatero akuseka. "Usanjenjemere, sindiulula. Mutu ngati wakowu ukungowola pamsika pano. Ine ndimagwira ntchito ndi akuluakulu a chitetezo. Pali kapulogalamu koti uike m'mafoni a masikauti. Sikaoneka, sikalira. Ukatithandiza, ntchito ya muofesi ku Chipata ndi yako."

"Eni ake ndiwauze?"

"Kodi aphunzitsiwa unawauza?"

Delia anaika kapulogalamuko m'mafoni asanu a masikauti. Yomaliza inali ya atate ake.

Kapulogalamuko kankatumiza kwa a Sydney mauthenga onse, pamodzi ndi malo amene mwini foni ali. Masikauti akalowera kumpoto, opha nyama mozemba ankalowa kum'mwera. M'mwezi umodzi njovu zitatu zinapezeka zitafa, minyanga itachotsedwa. Popeza njira za ulonda ankakonza ndi a Josiah okha, akuluakulu awo anawalanda yunifomu anthu akuona, naitanitsa msonkhano wowaweruza.

"Zaka twente-thuu ndakhala ndikugona m'tchire," a Josiah anauza banja lawo, "ndipo sindinagulitsepo ngakhale mchira wa mbawala. Mlandu umene sindinapalamule sindiuvomera. Andimange."

A Sydney atabweranso pamsika, Delia anawaimirira kutsogolo.

"Munati ndinu a chitetezo!"

"Tsitsa mawu, mwana iwe. Chala chimene chinaika n'chako. Ukayasamula, ndiuza Nsefu yense zimene unkawerenga, ndipo kundende ukalowa ndiwe."

"Kawauzeni. Koma ndiyamba ndine."

Lachisanu pa teni koloko msonkhano unakhala pabwalo la kampu ya masikauti, anthu a ku Nsefu atabwera kudzamvera. Mlandu usanawerengedwe, Delia anaimirira, natenga foni ya atate ake n'kuonetsa onse kapulogalamu kobisikako.

"Atate anga sanaulule njira ya ulonda. Ndine ndinaika khutu m'matumba mwanu. A Gladys, nkhani yanu inatuluka ndi ine. Aphunzitsi, yanunso. Amene anandituma kwa masikauti ndi a Sydney a ku Jumbe. Andiopseza kuti ndikhale chete, koma dzina lawo ndikalibwereza ngakhale kukhoti."

A Gladys anamuyang'ana nthawi yaitali, natembenuka n'kuchoka.

Apolisi anagwira a Sydney pa Jumbe akukwera minibasi. Delia nayenso anamutenga. A Josiah, yunifomu itabwerera m'manja mwawo, anamuperekeza mpaka pagalimoto.

"Wandichititsa manyazi, mwana wanga, ndipo wandiombola," anatero. "Zonse ziwiri ndi zoona. Kwera, tidzabwera kudzakuona."

Inu achinyamata amene mafoni a anthu amadutsa m'manja mwanu, imvani: chinsinsi cha mnzanu si chanu. Wina akakutumani kuti mumvere anthu mobisa, kaya atchule chitetezo, kaya atchule udindo wake, kaya akulonjezeni ofesi, mukaneni pamaso, tsiku loyamba lomwelo. Delia anakana mochedwa. Dzina la atate ake linayera, koma iye chaka chino chimuthera m'ndende.