Foni M'chipinda Chozizira

Mtsikana wina ndi msodzi wina anakumana pakhomo la fakitale ya nsomba. Mtsikanayo ankagwira ntchito yogaya mitu, minga ndi tinsomba tonyozeka kukhala ufa wopatsa ana onyentchera. Msodziyo anatula bokosi la tinsombato pamapazi pake.

"Anzanga amataya m'madzi timeneti, asisi. Ine ndamva kuti kuno kuli manja osandutsa zinyalala chakudya."

"Pakamwa ngati uchi! Mumatero kwa aliyense?"

"Kwa inu nokha, Kansomba kanga."

Mtima wa mtsikana unagunda kuti thi! Chikondi chinayaka ngati moto wa m'chilimwe. Tsiku lina msodziyo anatsanzika, amvekere akupita kumadoko akutali kukachonderera asodzi kuti aleke kutaya tinsomba.

"Ndikabwera, ndikutenga. Ukhala mayi wa m'nyumba mwanga."

Anapitadi. Kuimba foni kunatha, koma mauthenga sanaleke.

"Wadzuka bwanji, Kansomba kanga?"

"Bwanji sukuyankha ndikaimba?"

"Kuno mafunde akusokosa. Ndiuze, umandikonderanji?"

Masiku omwewo kuntchito kunabwera mayi wina wodula mitu ya nsomba. Sankaseka, sankacheza. Mpeni unkatsika wokha, maso ali dwii pa mtsikanayo. Akadutsa pafupi, thupi la mtsikanayo linkachita tsembwe. Anamulakwira chiyani mayi ameneyu?

Masana ena awiriwo anatumidwa m'chipinda chozizira. Chitseko chinadzitseka. Nthunzi inkatuluka m'kamwa, nsomba zouma ndi chisanu zili tong'oo m'mabokosi. Pofuna kudzilimbitsa mtima, mtsikanayo analembera msodzi uja uthenga: "Ndakusowa, wapamtima."

Foni inalira kumbuyo kwake.

Anacheuka pang'onopang'ono. Mayi uja anapisa m'thumba la epuloni, natulutsa foni yong'aluka pakona. Mtsikanayo ankaidziwa bwino foni imeneyo, inali ya msodzi uja!

"Mwaitenga kuti, mayi?"

"Anaiiwala pamtsamiro tsiku lomwe bwato linagubuduzika. Tinamuika kale m'manda bambo wa ana anga."

Wamwalira? Anali ndi mkazi? Ndi ana?

"Ndiye amene ndakhala ndikulemberana naye..."

"Ndine, mng'ono wanga. Ndinabwera kuno ndi mkwiyo, kudzaona nkhope yako. Koma mawu ako ankatsekemera. Ine chikwatiwire sanandiitanepo dzina lokoma, ndiye ndinkangofuna kumva kukoma kwake."

"Sindinkadziwa! Ndikulumbira, sindinkadziwa!"

"Ndinazindikira. N'chifukwa chake mpeniwu wangodula nsomba zokha."

Misozi inatsika, yotentha pamasaya ozizira. Ankalira maliro kapena bodza? Iye mwini sanadziwe.

Mayiyo anazimitsa foni, nakankha chitseko ndi phewa.

"Pukuta m'maso, unyamule mbali iyo ya bokosi. Kamwana kanga komaliza kayamba kuimirira chifukwa cha ufa wakowo. Makina asaime."

Mtsikanayo anawerama, nagwira chogwirira. Anatuluka atanyamulizana, osayang'anana.