Chinkhanira cha M'botolo Loyamba

Botolo linali lotseka bwinobwino, koma chinkhanira munalibe. Ndi mmene zinayambira, Lachiwiri lina mu Okutobala, nyengo ija nkhuku zimayenda zitayasama ndi kutentha.

A Wyson kwawo kunali ku Rivirivi, koma ankakhala chikamwini kwa Chikweo, kwa akazi awo a Rukiya. Anakhalapo ku Joni zaka zisanu, akugwira ntchito kwa mzungu wina woweta akangaude ndi zinkhanira monga mmene ena amawetera nkhunda. Anzawo pobwerako amabwera ndi ndalama za malata. Iwo anabwera ndi mtima wa mzungu uja. Atabwerako anatola okha m'miyala zinkhanira zinayi zakuda ndi kangaude mmodzi waubweya, n'kuziika m'mabotolo akukamwa kwakukulu, zivindikiro ataziboola ndi msomali. Ankazipatsa nkhululu ndi mphemvu, akuziyankhula monong'ona. Munthu wake anali wofatsa, wosamwa, koma kuchigayo ankati palibe angawete zoterozo popanda chimene akuchidziwa.

Chosowacho chinali chachikazi, ndipo chinali chitabereka kumsana tiana toyera ngati mpunga, topitirira makumi awiri. A Wyson anafunafuna m'nsapato, m'madengu, kuseri kwa mtsuko. Osachipeza.

Usiku womwewo mwana wawo Husna, wa zaka zinayi, anadzuka ndi kulira kwachilendo, kosasa, malovu ali chuchuchu, timiyendo tikunjenjemera pamphasa. Bambo wake anamuunika ndi tochi thupi lonse, bala osaliona. Kutacha anati apite naye kuchipatala, koma Che Usumani, atsibweni a Rukiya, eni mbumba, anakana. Anati matenda obwera m'botolo jakisoni sawamva, ndipo mkamwini ndi tonde wobwereka, ana ndi a mwini khola.

Usiku wachiwiri kunali zii, ngakhale agalu sanauwe. A Wyson ali gone ankamva timiyendo ta zinkhanira tikukanda galasi, kwe, kwe, kwe, kenaka kukandako kunachepa, ngati pakwaya wina wasiya kuimba. M'mawa botolo lachiwiri linali lopanda kanthu, chivindikiro chili chotseka. Usiku wachitatu chimodzimodzi. M'nyumba munayamba kumveka fungo ngati la tsitsi lopserera, ndipo pachifuwa pa Husna panaoneka timizere takuda. Pachitsime mbiri inali yoti zinkhanira za a Wyson zimatuluka zokha usiku kukayamwa mwana, mwini wake kuti alemere.

Usiku wachinayi ananamizira kugona. Mwezi utalowa anamva mphasa ikulira pang'onopang'ono, mapazi opanda nsapato, kenaka chivindikiro chikupotokoka mosamala. Anayatsa tochi. Anali a Rukiya, atagwira phano, chinkhanira chomaliza chikupindika kunsonga kwake. Pansi panali phale ndi lumo.

"Mayi a Husna, mukutani?"

"Zimitsani, mudzutsa mwana," anatero akazi aja monong'ona, misozi ili mbwembwembwe. "Asing'anga anati chokuluma ndiye mankhwala ake. Ndimaziotcha paphale, phulusa n'kumutemera mphini. Mumati nditani, bambo a Husna? Ndimuonerere?"

Mtima wa a Wyson unakhala ngati watsika. Ndiye kuti panalibe zamatsenga, anali mayi chabe wofuna mwana wake. Anafunsa kumene anaotchera chachikazi chija, ndi tiana take.

A Rukiya anapukusa mutu.

"Iyayi. Choyamba chija si ine. Ine ndinayamba mwana atadwala kale."

Kudenga, mu udzu, china chake chinagwetsa kafumbi kamene kanadutsa m'kuwala kwa tochi.

M'mawa a Wyson anagwada pamaso pa Che Usumani. Anavomera kuti kulakwa ndi kwawo. Anapempha zinthu ziwiri zokha: mwana apite kuchipatala, ndipo asagonenso m'nyumba imeneyo mpaka denga litasasulidwa. Che Usumani anamvetsera akuwerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera, kenaka anati zonsezo zikusonyeza kuti mkamwini akudziwa kumene anabisa chinthu chake. Mankhwala ake anali amodzi: mwini zinkhanira achoke, zake zimutsatira. Mabotolo anawaswa. Kangaude sanamuphe, poti pamudzi wa Chisilamu umenewo kangaude saphedwa. Anangomukutumulira kuseri kwa nyumba.

A Wyson anamanga chikwama panjinga. A Rukiya anaima pakhomo, chitenje chili kukamwa, osatha kuwaperekeza atsibweni akuona. M'kati Husna anali atagonekedwanso pamphasa yomwe ija, pansi, mphepete mwa khoma long'aluka. Sankaliranso. Ankangopuma mofulumira, maso ali kudenga, ngati pali chimene akuchitsatira.

"Muzikutumula mphasa madzulo alionse," anatero a Wyson. Ndi mawu okhawo amene anawalola kunena.

Anapalasa mpaka pamlatho wa Liwonde osaima. Pamenepo anatsika n'kuyamba kuwerenga pazala, chifukwa mzungu uja anawaphunzitsa chinthu chimodzi chimene kwa Chikweo palibe anafuna kuchimva: tiana ta chinkhanira timakhala kumsana kwa make pafupifupi masabata awiri, kenaka timatsika, kalikonse n'kulowera kwake.

Anawerenga kawiri, kuyambira tsiku limene chachikazi chija chinabala. Tsiku loti tianato titsike linali lomwelo, ndipo dzuwa linali likulowa.