Zala za Dokotala pa Khosi la Kapitawo

Nkhani iyi anandiuza bambo wina wosoka nsapato, tsiku limene nsapato yanga inayasamula ndili pa ulendo. Ndinakhala pa benchi lake phazi limodzi lili pamtetete, iye akusoka uku akusimba. Anati mnyamata wa m'nkhaniyi ndi mphwake, mwana wa mlongo wake. Ine ndayenda ndipo ndamva zambiri, koma zoti galu amadwala khansa ndinazimvera pa benchi limenelo.

Mnyamatayo ankakonza mafiriji. Tsiku lina anamuitana ku chipatala cha ziweto, kumene firiji yosungiramo katemera inali itasiya kuzizira. Anapeza mtsikana wovala gauni yoyera akusamutsira timabotolo m'bokosi la ayezi, thukuta lili kamukamu.

"Mwachedwatu, a Wafiriji! Katemerayu akawonongeka ndikubayani inuyo yense."

"Pepani, adokotala. Koma ngati wobaya ndinu, ine sindithawa."

Mtsikanayo anafuna kukwiya, koma chiseko chinamupulumuka.

Firiji inachira tsiku lomwelo. Chodabwitsa, mawa lake mnyamata anabweranso, akuti kudzamvera injini. Mkuja wake anabwera kudzaona chitseko. Pa chipatala chonsecho panalibe wodwala amene anazondedwa ngati firiji imeneyo!

Kenako mafoni anayamba kulira.

"Dokotala wanga, mtima wanga ukusungunuka ngati ayezi magetsi atazima. Mankhwala ake uli nawo ndiwe."

"Ine ndimachiza a miyendo inayi okha, Wafiriji."

"Ndiye ndibwera chokwawa, duwa langa."

Miyezi isanu ndi umodzi inatha choncho. Tsiku lina akumuperekeza pokwerera basi, mnyamata anaima n'kumuyang'ana m'maso.

"Loweruka ndikufuna ukaone mayi. Ndikulonjeza, wapamtima wanga, kugwe mvula kuwale dzuwa, ine ndili kumbali yako."

Mayi a mnyamatayo anali amasiye. Amuna awo anamwalira ndi khansa zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo chiyambire maliro aja mawu amenewo sankatchulidwa m'nyumbamo. Malemuwo anasiya galu wofiirira, wa imvi kukamwa, dzina lake Kapitawo, chifukwa ankayendera aliyense wogwira ntchito pakhomo ngati ndiye anamulemba. Ankagona pansi pa mpando wa malemuwo pabalaza, ndipo mayi ankacheza naye ngati munthu.

Loweruka linafika. Wosoka nsapato uja akuti analipo, atavala jekete. Mtsikana anapereka moni mwaulemu, mayi anamwetulira, tiyi anathiridwa. Zonse zinkayenda bwino mpaka Kapitawo anatuluka pansi pa mpando n'kudzatsamiritsa mutu pa bondo la mlendo.

"Taonani!" mayi anaseka. "Ameneyu sakonda munthu wamba. Wakuvomera, mwana wanga."

Koma zala za dokotala wa ziweto sizidziwa kusisita chabe. Zikakhudza nyama zimayamba ntchito zokha. Zinadutsa pamutu, zinatsikira kunsi kwa chibwano, n'kuima. Kunali timibulu tiwiri tolimba, uku ndi uku, ngati mazira a nkhunda. Mtsikana anaika kapu pansi, anagwada pa simenti ndi diresi yake yatsopano, n'kugwira kutsogolo kwa mapewa. Kunalinso. Kuseri kwa mawondo, chimodzimodzi.

Mayi anali atamufunsa za makolo ake. Iye sanamve n'komwe.

"Mayi, zotupazi zayamba liti?"

"Zotupa zanji? Ameneyo wangonenepa, amadya bwino."

"Si kunenepa ayi. Ndi mwanabele, ndipo watupa malo onse. Ndikuopa kuti ikhoza kukhala khansa. Abwere Lolemba ndidzamuyeze."

Mayi anayang'ana mwana wawo.

"Iwe, unandiuza kuti ukubwera ndi mpongozi. Wandibweretsera wolengeza maliro?"

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Kunja kwa geti mnyamata anaphulika.

"Sukanadikira? Tsiku loyamba lenilenilo! Ukudziwa chimene chinapha bambo anga!"

"Ndalakwitsa kanenedwe, wokondedwa, ndikuvomera. Ndinaiwala kuti sindili kuntchito. Koma matenda amenewa sadikira. Akasiyidwa, galu uja satha miyezi iwiri."

"Bwerera ukawauze kuti unaona molakwa. Unene kuti si kanthu."

"Kupepesa ndipepesa, ngakhale chogwada. Koma kunama ayi."

"Ndiye wasankha galu."

"Ndasankha galu wa mayi ako!"

Mtsikana anakwera basi yekha tsiku limenelo. Mawa lake uthenga unalowa:

"Mayi akungolira, sakudya. Tiyambe tapuma kaye. Usandiimbire."

Anauwerenga kasanu. Kodi uyu si yemwe uja wa mvula ndi dzuwa? Mvula yake inali iti, ngati kamtambo koyamba komweka kamuthawitsa? Analemba kuti, "Ndamva. Koma chonde galuyo apite kwa dokotala wina aliyense, ngakhale asakhale ine." Yankho silinabwere. Ankalira m'chipinda chosungiramo mankhwala, kenako n'kusamba kumaso, n'kukabaya amphaka a eni ake akumwetulira.

Patatha masiku asanu ndi anayi, Lachiwiri m'mawa, anatsegula chitseko kuti aitane wodwala wotsatira. Pa benchi panali mayi aja, chikwama pamiyendo, Kapitawo atamumanga ndi lamba wa thalauza wa malemu.

"Sindinabwerere iwe," anatero mayi asanapatsidwe n'komwe moni. "Ndabwerera uyu."

"Lowani, mayi."

Atakhala pansi, mawu anayamba kutuluka okha.

"Chichokereni iwe, m'mawa uliwonse ndimagwira pomwe unagwira paja. Zikukula. Dzulo wasiya chakudya m'mbale. Bambo ake a mwana uja anabisa chotupa chawo miyezi isanu ndi itatu, ine ndikuwathandiza kubisa. Ndinkati n'chithupsa, chiphulika chokha. Pofika kuchipatala anatiuza kuti tachedwa." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Kawiri ayi. Muyeze."

Mtsikana anatenga singano yopyapyala, anabaya kambulu ka kuseri kwa bondo, n'kukoka timadzi tochepa. Kapitawo sanalire n'komwe. Timadzito anatipaka pa kagalasi, anathirapo utoto, n'kuika pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali. Kagalasi kena anakatumiza kwa akatswiri kuti atsimikize, ndipo Lachisanu yankho linabwera lofanana ndi lake. Inali khansa ya m'mwanabele.

"Achira?" mayi anafunsa. "Usandinyengerere."

"Kuchira kotheratu n'kosowa, mayi. Koma khansa ya mtundu uwu imamva mankhwala. Agalu ambiri zotupa zimaphwa, amayambanso kudya ndi kusewera. Tikhoza kumupezera chaka, ena amapitirira."

"Adzisanza ndi kuwonda ngati bambo aja? Ngati n'choncho ndibwerere naye."

"Agalu timawapatsa mlingo wofatsa. Sitifuna masiku ambiri a ululu, tifuna masiku abwino. Tsiku limene ndidzaone kuti akuzunzika, ndidzakuuzani."

Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zoti udzandiuza sindikukayika. Pakamwa pako ndikupadziwa."

Anaseka onse awiri, koyamba.

Kuyambira pamenepo, Lachiwiri lililonse mayi ankabwera mwana wawo atapita kuntchito. Poyamba mtsikana ankayeza magazi a galuyo, kuona ngati thupi lili ndi mphamvu zolandirira mankhwala. Kenako ankameta kachigamba pa mwendo wakutsogolo n'kulowetsa mankhwala mumtsempha. Sabata yachiwiri zotupa zinafewa. Yachitatu zinasowa. Kapitawo anayambanso kuuwa anthu odutsa mumsewu, mpaka anaba sokosi pa chingwe. Za mnyamata, mtsikana sanafunse, ndipo mayi sanayambitse.

Sabata yachinayi, mnyamata akutsuka zitsulo zake pakhonde, galu anamuika mwendo pa bondo. Anaona zigamba zometedwa. Anagwira kunsi kwa chibwano. Kunali see!

"Mayi, Kapitawo wamumeta ndani?"

"Amene unamuuza kuti asakuimbire."

"Koma mayi, si inu munalira? Ndinachitira inu!"

"Ine ndinalira chifukwa ndinaika mwamuna m'manda. Iwe chako chinali chiyani? Ndinakutuma kuti umusiye? Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kanandicheka, inde, koma kanachotsa chimene tonse m'nyumba muno tinkachiyang'ana osachiona. Mawa ndi Lachiwiri. Miyendo yanga ikuwawa."

Mawa lake anafika ndi galu, maluwa ali m'dzanja linalo. Mtsikana anayang'ana galu yekha.

"Kapitawo, bwanji bwana? Mayi ali kuti?"

"Duwa langa, ndimati..."

"Maluwawo ikani panja, bambo, muno mumalowa odwala. Valani magolovesi awa ndi gauni iyi."

Anamugoneka galu pa tebulo n'kulumikiza diripi ya mankhwala ofiira.

"Alero ndi aukali. Akatuluka mumtsempha amawotcha mnofu. Mugwire mutu ndi phewa, asagwedezeke kwa mphindi makumi awiri. Mukasuntha, mwamupweteka."

Mnyamata anagwira. Sakanatha kugwada, sakanatha kuthawa, ngakhale kukanda mphuno. Apo m'pamene mtsikana anayamba, maso ali pa diripi, mawu ali pansipansi kuti galu asadzidzimuke.

"Unandiuza kuti ndiname. Ndikananama, lero bwenzi ukukumba dzenje kuseri kwa nyumba. Ndinakulembera, sunayankhe. Masiku makumi atatu ndi asanu ndi atatu! Ukudziwa kuti ndinkalirira kuti? Mayi ako, amene ndinawalasa pabala, anakwera basi ndi galu kubwera kuno. Iwe wa miyendo yabwinobwino unali kuti?"

Misozi inatsika pa masaya a mnyamata, ndipo analibe dzanja lopukutira.

"Ndinachita mantha, mtima wanga. Nditamva mawu aja ndinaona bambo pa bedi lija. Ndinathawa mawuwo, n'kuthawa ndi iwe yemwe. Ndilibe chodzikanira. Ndikhululukire."

"Gwira bwino phewalo."

"Ndagwira."

"Mankhwalawa atsala miyezi inayi. Ndipo tsiku lina, kaya chaka chamawa kaya liti, zotupa zija zidzabweranso, ndipo wonena ndidzakhala ine. Udzathawanso?"

"Ndidzakhala pompano, nditagwira chonchi."

Diripi inatha. Kapitawo anadzuka, anadzikutumula, n'kunyambita nkhope yonyowa ya mnyamatayo. Mtsikana anavula magolovesi ake, anatenga kathonje, n'kumupukuta yekha m'maso.

Mphete inavalidwa pabalaza pomwe paja, sabata imene Kapitawo anamaliza mankhwala. Wosoka nsapato anandionetsa chithunzi pa foni yake yosweka galasi: mayi pakati, awiriwo uku ndi uku, galu wonenepa bwino atatsegula kukamwa ngati mkwati ndiye.

Za galu ndi mphete ndikukhulupirira, poti ndinaona ndi maso anga. Koma bamboyo analumbira kuti mtsikana anakhululuka pomwepo, diripi isanachotsedwe n'komwe pa mwendo, n'kumutchulanso mphwake kuti wapamtima. Apo pokha ndikukayika. Malume sachedwetsa chikhululuko cha mphwake akamasimba. Mkazi wokana kunama pamaso pa apongozi sangafewe ndi mphindi makumi awiri. Ine ndikuganiza kuti mnyamatayo anagwira galu uja Lachiwiri lambirimbiri asanamvenso dzina lokoma.